Kuudziwa usiku wa ku Johannesburg: yambirani m'sitolo ya mbale za nyimbo, kenako tsatirani DJ

Alipo Amalawi amene atha zaka zisanu ku Joni koma mzindawu amaudziwa masana okha: msewu wa kuntchito, renki ya minibasi ya ku Bree kapena ku Noord, tchalitchi Lamulungu, basi. Amapiano amawamvera pafoni ngati momwe akuwamverera mphwawo ku Ndirande, chonsecho anyamata amene akupanga nyimbozo ali pamtunda wa theka la ola kuchokera pamene iwo akugona. Ena anayesapo kamodzi. Anagwera m'kalabu yodula ya ku Sandton, malipiro a sabata yonse anathera pa botolo limodzi, n'kubwerako akuti usiku wa kuno ndi wa anthu a ndalama.

Vuto lawo linali lakuti anasankha nyumba m'malo mosankha woimbitsa nyimbo. Mu Johannesburg makalabu amabadwa ndi kufa mofulumira. The Orbit, malo otchuka a jazz ku Braamfontein, anatsekedwa mu 2019 anthu akadawakonda. Bassline ya ku Newtown, imene inalera oimba ambiri, inasiya kukhala nyumba yotsegula sabata ndi sabata. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Chimene chimakhalitsa ndi ma DJ ndi anthu okonza maphwando, amene amangosamutsa gule wawo kuchoka nyumba iyi kupita ina, anthu awo n'kumawalondola. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pamenepo.

Gawo loyamba: liphunzitseni khutu musanatuluke

Pepala lolengeza phwando kuno silinena zambiri. Limangolemba mayina a ma DJ ndi mtundu wa nyimbo, ndiye ngati mitunduyo simuisiyanitsa mudzapezeka pamalo olakwika. Patulani sabata imodzi yomvera.

Muzu wa zonse ndi house, imene inachokera ku Chicago m'zaka za m'ma 1980 ndipo inafika ku South Africa pa mbale za galamafoni zoitanitsa kunja. Kugunda kwake ndi kanayi kofanana, pa liwiro la kugunda ka 120 mpaka 125 pa mphindi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ma DJ a ku Soweto ndi m'tauni anayamba kuchepetsa liwiro la mbalezo, n'kuikapo mawu a Chizulu, Chisutu ndi chilankhulo cha mumsewu. Ndimo munabadwira kwaito, ya anthu ngati Arthur Mafokate, Mdu, Boom Shaka, Trompies, TKZee ndi Mandoza, komanso kampani ya Kalawa Jazmee ya Oskido ndi anzake. Wailesi ya YFM itatsegulidwa mu 1997, nyimbo za achinyamatazi zinapeza pokhalira. Aliyense amene anavinapo pa ukwati ku Malawi m'zaka za m'ma 2000 kwaito amaidziwa ndi miyendo, ngakhale asanaitchulepo dzina.

Amapiano ndi mdzukulu wake. Anamera cha pakati pa zaka za m'ma 2010 m'makomboni a chigawo cha Gauteng, ndipo mpaka lero a ku Pretoria ndi a kum'mawa kwa Johannesburg amakanganabe kuti anayamba ndi ndani. Liwiro lake lili cha m'ma 110 mpaka 115. Chizindikiro chake ndi log drum, kaphokoso kokhuthala kamene kamagunda m'chifuwa ngati ng'oma ya mpanje, ngakhale kuti palibe chikopa chilichonse pamenepo, zonse zimapangidwa pakompyuta, kawirikawiri ndi pulogalamu ya FL Studio. Mkati mwa amapiano mulinso mabanja. Imene amaitcha private school, yomwe Kelvin Momo amadziwika nayo, ndi yofatsa, ya piyano ndi kafungo ka jazz, yoti mungamvere mutakhala pansi. Ina ndi yaukali, ng'oma zokhazokha, yosafuna munthu wotopa. Kabza De Small ndi DJ Maphorisa ndiwo anaitulutsa nyimboyi m'makomboni kuifikitsa pawailesi iliyonse cha m'ma 2019.

Pambali pa izi pali afro house, njira ya Black Coffee amene anapata mphoto ya Grammy mu 2022, pali gqom ya ku Durban imene kugunda kwake n'kodukaduka komanso kwamdima, ndi deep house imene akuluakulu a ku Joni amaiteteza ngati chipembedzo. Musapeputse anthu a deep house. Ndi amene amadziwa bwino kumene kuli zokuzira mawu zabwino.

Pomvera, musamvere nyimbo imodziimodzi. Fufuzani pa YouTube kapena SoundCloud ma mix, nyimbo zolumikizidwa ndi DJ, a ola lathunthu, monga Balcony Mix ya Major League DJz kapena zimene Boiler Room, kampani yojambula ma DJ akuimbitsa nyimbo, inajambula ku South Africa. Mukapeza DJ amene wakugwirani mtima kwa ola lonse osakutopetsani, lembani dzina lake. Mayina atatu akwana poyambira.

Gawo lachiwiri: Loweruka m'mawa, pitani kokagula mbale

Mwina mukuti, galamafoni ndilibe, mbale ndikatani nazo? Pitanibe. Sitolo ya mbale ndi bwalo limene ma DJ, osonkhanitsa nyimbo zakale ndi okonza maphwando amakumana dzuwa likuswa mtengo, opanda phokoso, opanda mlonda pakhomo. Munthu amene usiku simungamuyandikire, masana mumupeza atawerama pa bokosi lomwelo limene inu mukufufuzamo. Mbiri ya house ku Joni inadutsanso momwemu: House Afrika, imene Vinny Da Vinci amadziwika nayo, inali sitolo ya mbale ku Orange Grove, ndipo Soul Candi inayambanso ngati sitolo isanakhale kampani yotulutsa nyimbo. Kale kwambiri kunali Kohinoor m'katikati mwa tauni, sitolo ya Rashid Vally, amene anayambitsanso kampani ya As-Shams yomwe inajambula oimba jazz ngati Abdullah Ibrahim.

Masitolo akuluakulu a ma CD anatha. Musica, imene inali pafupifupi m'mall iliyonse, inatsekedwa mu 2021. Atsala ndi ang'onoang'ono a anthu okonda ntchito yawo. Mayina amene akhala akudziwika ndi Mr Vinyl ku 44 Stanley, m'dera la Milpark, Record Mad ku Linden, ndi Afrosynth ya DJ Okapi ku Maboneng, imene inatchuka potulutsanso nyimbo za bubblegum, zovinira za ku South Africa za m'ma 1980, ndi kwaito yoyambirira. Palinso Collectors Treasury mu Commissioner Street, nyumba yosanjikizana yodzaza mabuku akale ndi mbale kuyambira pansi mpaka kudenga, koti munthu wodwala chifuwa cha mphumu aganize kawiri chifukwa cha fumbi. Musananyamuke onani tsamba la sitoloyo pa Instagram kapena imbani foni, popeza masitolo otere amasamuka ndipo ambiri amatseka msanga Loweruka masana.

Kufufuza mbale n'chimodzimodzi kusankha kaunjika. Wopupuluma amatenga chapamwamba, wodekha amafika pansi pa belo. Yambirani ku mabokosi a pansi, otsika mtengo, amene ambiri amachita ulesi kuwerama. Mbale muziyendetsa ndi nsonga za zala, imodziimodzi, ndipo pamene mwatulutsa imodzi muikepo chizindikiro kuti mukaibwezere pomwepo. Mwini sitolo amaona zimenezi, ndipo wosamala katundu ndi amene amauzidwa za bokosi limene lili kuseri.

Mukapeza yokusangalatsani, iyeseni motere. Itulutseni m'chikutiro mutaigwira m'mphepete ndi pakati pamene pali kapepala, osakhudza mizere. Ipendeketseni pa kuwala. Timizere tosaoneka bwino ta pamwamba nthawi zambiri sitimveka poimba, koma mukayendetsa chikhadabo mopepuka n'kumva kuti chakodwa, dziwani kuti singano nayonso idzakodwa pomwepo ndipo mudzamva "tha, tha, tha" nyimbo yonse. Kenako ikwezeni molingana ndi maso muone ngati ili yowongoka, chifukwa mbale imene inakhala padzuwa imapindika ndipo yopindika kwambiri singano imadumpha. Onaninso ngati dzina ndi nambala za pa kapepala ka pakati zikufanana ndi za pa chikutiro. M'mabokosi a zakale si zachilendo kupeza chikutiro cha Letta Mbulu muli mbale ya nyimbo za Khrisimasi. Pomaliza pemphani kuimvera. Masitolo ambiri ali ndi galamafoni ndi mahedifoni za ntchito imeneyi.

Pa mtengo mudzaona zilembo monga NM, VG+, VG ndi G. NM ndi imene ili ngati yatsopano, VG+ yagwira ntchito koma imaimba bwino, VG ili ndi kaphokoso kapansipansi. G musanyengedwe nayo, ngakhale chilembocho chikuimira liwu lotanthauza "yabwino", mbaleyo imakhala yotopa. Ngati mtengo ukukukayikitsani, lembani nambala ya mbaleyo pa Discogs, tsamba la pa intaneti logulitsirapo mbale, muone momwe ena akugulitsira. Kunenerera kulipo, makamaka mukatenga zingapo, koma ndi ulemu. Funsani kuti, "Zonse pamodzi mungandichitire bwanji?" osati kuyamba kunyoza katundu ngati tili pa msika wa Limbe.

Kwa Mmalawi mabokosi amenewa ali ndi nkhani yathu. Agogo athu amene anapita ku migodi pa Wenela ndi Theba ankabwerera ndi sutikesi, njinga, ndi galamafoni pamodzi ndi mbale za kwela ndi simanjemanje. Kwela ya chitoliro ya anthu ngati Spokes Mashiyane ndi imene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaitenga n'kuipatsa kakomedwe kakwathu. Kampani ya Gallo, imene inayamba mu 1926, inkatulutsa mbaqanga pansi pa mayina angapo, ndipo limodzi mwa mayinawo, limene mungalione pa kapepala ka pakati, ndi Gumba Gumba, liwu lomwe lija akuluakulu kwathu amatchulira chiwailesi chachikulu choimba mbale. Mukapeza za Stimela kumbukiraninso kuti bambo ake a Ray Phiri, mtsogoleri wa gululo, anali ochokera ku Malawi. Ine mbale za 45, zing'onozing'ono zija za nyimbo imodzi mbali iliyonse, ndi zimene ndimayamba kufufuza, chifukwa n'zotsika mtengo ndiponso ndi zimene zinkaimbidwa kwenikweni m'mashabini.

Musanatuluke, funsani funso limene mwadzera. Musati "kalabu yabwino ili kuti", chifukwa adzakutchulirani imene amatchulira alendo onse. Nenani mayina atatu aja, kapena onetsani mbale imene mwagula, n'kufunsa kuti, "Nyimbo zotere akuimba ndani sabata ino?" Yang'ananinso pakhoma ndi pa kauntala. Timapepala ta maphwando ang'onoang'ono, amene sawalengeza pawailesi, timakhala pamenepo.

Gawo lachitatu: sankhani usiku wake ndi dera lake

Ma DJ a kuno amalengeza pa Instagram kumene akaimbe, ndipo ambiri amaika ndandanda ya sabata yonse Lachinayi kapena Lachisanu. Mudzadabwa kuona munthu mmodzi ali ndi malo anayi usiku umodzi, Soweto, Tembisa, Pretoria ndi Sandton. Zimachitikadi, ndipo tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti DJ wotchukayo adzaimba ola limodzi lokha, mwina mochedwa kuposa nthawi yolembedwa. Choncho werengani mayina onse a papepala, osati lalikulu lokha. Ngati mayina ang'onoang'onowo ndi a nyimbo zimene mumakonda, usiku wonse udzakoma. Za techno ndi house ya m'makona zimapezekanso pa tsamba la pa intaneti la Resident Advisor. Matikiti gulani pa Quicket, Howler, Webtickets kapena Computicket, potsata ulalo umene okonza phwando aika okha. Tikiti yogula kwa munthu wosamudziwa pa WhatsApp ikhoza kukhala kuti yagulitsidwa kale kwa anthu asanu.

Dera lililonse lili ndi khalidwe lake. Braamfontein ndi ya ophunzira a ku yunivesite ya Wits ndi achinyamata a zaluso. Malo ake ndi oyandikana m'misewu ya Juta ndi De Beer, kumene kuli Kitchener's, bala ya zaka zoposa 100 imene inasanduka bwalo la ma DJ oyesa zachilendo. Kwa woyamba kumene, Braam ndi pabwino poyambira. Mukawoloka mlatho wa Nelson Mandela mwafika ku Newtown, kumene misewu ina inapatsidwa mayina a oimba ngati Miriam Makeba ndi Gwigwi Mrwebi, ndipo nyumba zakale za mafakitale zinasanduka makalabu a techno ndi drum and bass, monga And Club. Melville, mu 7th Street, ndi ya mabala ang'onoang'ono oti mungayende kuchoka apa kulowa apo. Rosebank ndi Sandton ndi kotchena, kwa matebulo olipiriratu ndi mabotolo obwera ndi timoto tothetheka. Kumeneko anthu ambiri amapita kukaonedwa, ndipo ndinene mosabisa, nyimbo zimakhala zachiwiri. Koma amapiano kwawo ndi kukomboni: Soweto, kumene kuli malo akuluakulu ngati Zone 6 Venue ku Diepkloof, komanso Tembisa, Alexandra, Vosloorus, Katlehong ndi Mamelodi ku Pretoria. Kumeneko pitani ndi munthu wodziwa dera, makamaka ulendo woyamba.

Nthawi ya pachaka nayo ili ndi mbali. Kutha kwa mwezi, anthu atalandira, paliponse pamadzaza. Kuyambira Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Disembala ndi pamene gule amakolera, koma pofika Khrisimasi m'tauni mumachita zii chifukwa anthu apita kumidzi kwawo ndi ku nyanja, ma DJ n'kuwatsatira konko. Juni ndi Julayi kumazizira koopsa. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mbandakucha wa mu Julayi umaposa wa ku Dedza. Tengani jekete, ngakhale mkati mukatuluke thukuta.

Gawo lachinayi: konzani za kubwerera musanaganize za kupita

Apa ndi pamene ambiri amapusira. Sitima ya Gautrain ikhoza kukufikitsani ku Rosebank, Sandton kapena Park Station madzulo, koma pofika cha m'ma 9 koloko usiku imakhala ikuweruka. Minibasi nazo usiku zimasowa. Kubwerera kwanu ndi Uber kapena Bolt, kapena mnzanu amene walonjeza kuti samwa. Foni ikhale yodzaza moto, data ikhalemo, ndipo ndalama ya ulendo wobwerera muyiike padera, isasakanikirane ndi ya zakumwa. Galimoto iitaneni mukadali mkati, mutuluke ikafika, ndipo musanakwere yerekezani nambala yake ndi imene ili pafoni. Kuima m'mbali mwa msewu 3 koloko m'mawa foni ikuwala m'manja ndi kuitana akuba. Pamalo ena, makamaka pafupi ndi masiteshoni, oyendetsa matakisi wamba ndi a Uber samwerana madzi, ndiye dalaivala akakupemphani kuti musunthe pang'ono, funsani mlonda wa pakhomo akuperekezeni.

Ngati mwabwera pa galimoto yanu, mukatseka ndi rimoti yesani chitseko ndi dzanja, chifukwa pali akuba amene amatsekereza rimoti kuti isagwire. Musasiye chikwama pampando. Anyamata olondera magalimoto, ovala zonyezimira aja, apatseni kangachepe pobwerera. Ndipo musayendetse mutamwa: apolisi amatchinga misewu usiku wa Lachisanu ndi Loweruka, ndipo kwa mlendo mlandu wotere umakhudzanso mapepala ake okhalira m'dzikomo.

Chiphaso tengani. Lamulo limalola mowa kuyambira zaka 18, koma makalabu ambiri amaika malire awoawo, 21 kapena 23, ndipo pakhomo amafuna kuona umboni. Kwa ife alendo ndi pasipoti kapena chilolezo chokhalira, chimene apolisi akhozanso kuchifunsa panjira. Chisungeni m'thumba la mkati lokhala ndi zipi, ndipo chithunzi chake chikhale pa imelo yanu. Malo ambiri tsopano salandira ndalama za m'manja, amafuna khadi. Polipira, makina abwere pamene muli, khadi lisachoke m'manja mwanu. Nambala ya apolisi ndi 10111, ndipo 112 imagwira pafoni ya m'manja iliyonse.

Zovala zimatengera dera. Ku Braam ndi ku Newtown nsapato za mateki ndi jinzi zakwana. Ku Sandton ndi malo akuluakulu a ku Soweto amabweza wovala kabudula, mapatapata kapena zovala zamasewero, ndipo anthu a ku Soweto pa kutchena sagonja kwa aliyense.

Gawo lachisanu: mkati

Fikani msanga, cha m'ma 10 koloko, pamene anthu odziwa amati n'kumayambiriro. Pakhomo sipakhala mzere, nthawi zina mtengo wolowera umakhala wotsika, ndipo mumamva DJ wotsegulira. Ameneyu ndi amene ine ndimamuyesera luso. Kuimbitsa nyimbo zotchuka 1 koloko anthu ataledzera aliyense angathe, koma kutenga chipinda chopanda anthu, kuchitenthetsa pang'onopang'ono osathamangira, mpaka woyamba adzuke yekha pampando, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Mayina atsopano oti muwatsatire mudzawapeza pa maola amenewa.

Yendani m'chipindamo mupeze pamene mawu akumveka bwino. Sipakhala pafupi ndi sipika, kawirikawiri pamakhala chapakati, moyang'anana ndi masipika onse awiri. M'makona mabesi amaunjikana n'kumangomveka ngati chigayo. Samalani makutu: phokoso la m'kalabu limafika madesibelo 100, ndipo pa mlingo umenewo khutu limayamba kuonongeka pakangotha mphindi 15 zokha. Timapulagi ta m'makutu timagulitsidwa m'mafamase ngati Clicks ndi Dis-Chem pa mtengo wochepera botolo limodzi la mowa, ndipo ma DJ ambiri amavala. Kulira kwa m'makutu kumene mumadzuka nako m'mawa si chizindikiro chakuti munasangalala, ndi chilonda.

Kenako muoneni DJ zimene akuchita. Ambiri lero amabwera ndi fulashi yokha n'kuilowetsa m'makina a Pioneer otchedwa CDJ, awiri kapena anayi, ndi mikisa pakati. Hedifoni ili kukhutu limodzi chifukwa akumvera nyimbo yotsatira, imene inu simunayambe kuimva, akuilinganiza liwiro ndi imene ikuimba. Mukamuona akupotoza timabatani ta pa mikisa, nthawi zambiri akuchotsa mabesi a nyimbo imodzi kuti alowetse a inayo, popeza mabesi awiri akaimbira pamodzi amachita matope. Oimbitsa mbale zenizeni amagwiritsa ntchito Technics SL-1200, galamafoni imene mtundu wake wa MK2 unatuluka mu 1979 ndipo uli ndi kotsetsereka kosinthira liwiro. Iwo alibe kompyuta yowathandiza, ndi khutu ndi chala basi, ndipo mukapeza usiku wa mbale zokhazokha imani pafupi muone manja.

Amapiano amafuna kudekha kumene ife ozolowera nyimbo za mphindi zitatu tilibe. Nyimbo imodzi imatha mphindi 6 kapena 8. Imayamba ndi maseche okha, kenako kapiyano, kenako mawu, ndipo log drum imadzabwera mutayamba kukayika ngati ibwere. Anthu a kuno amaidikira mosangalala, akuvina pang'onopang'ono ndi mapewa, ena akuimba malikhweru, ndipo ikagwa chipinda chonse chimakuwa. Musathe mphamvu pa mphindi yoyamba. Ndipo bwalo likatseguka pakati, wina n'kulowamo kukaonetsa mapazi, ombani m'manja kaye. Mudzalowamo mukadziwa kuti mutulukamo bwanji.

Mwambo wa kwa DJ ndi wosavuta. Musamupemphe nyimbo, makamaka pomuonetsa foni kumaso. Musaike chakumwa pa tebulo la makina. Musamulankhule hedifoni ili kukhutu. Nyimbo ikakukomerani yesani Shazam, pulogalamu ya pafoni yozindikira nyimbo, koma musadabwe ikalephera, chifukwa ma DJ a amapiano ambiri ndi opanganso nyimbo ndipo amaimba zimene sizinatuluke, zina zimatha chaka zikungozungulira m'mafulashi a anthu ochepa. Jambulani kachidutswa ka masekondi 20, ndipo iye akatsika mupatseni moni, mumuyamikire, mumufunse dzina la nyimboyo. Ena amanena, ena amangoseka. Malo ena a techno salola kujambula n'komwe, ndipo lamulolo lilemekezeni.

Chakumwa chanu chitsegulidwe mukuona ndipo chisachoke m'manja. Mukachisiya popita kuchimbudzi, chatha, gulani china. Izi ndi za amuna ndi akazi omwe. Achemwali, pitani awiri kapena atatu ndipo mugwirizane kuti mubwerera limodzi, wina asatsale ndi munthu amene wangomudziwa usiku womwewo. Achimwene, mkazi akakana kuvina nanu wakana, ndipo kumugulira chakumwa si chikole. Foni ikhale m'thumba la kutsogolo, chifukwa pamene log drum yagwa ndipo manja onse ali m'mwamba ndi pamenenso akuba amagwira ntchito. Wina akayamba kukufunsani mwamtopola kuti ndinu wa kuti atamva kalankhulidwe kanu, musalimbane naye, sunthani mupite pafupi ndi alonda. Ambiri amene mudzakumane nawo pabwalo la dansi alibe nazo ntchito zimenezo, ndipo "heita" kapena "sharp" woperekedwa ndi nkhope yomasuka amatsegula macheza.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: musaiwale Lamulungu

Mlendo amaganiza kuti sabata imathera Loweruka. Kuno gule wokoma kwambiri amachitika Lamulungu masana, pa shisanyama, malo ootcha nyama amene ndi ngati kanyenya wakwathu atakula n'kukhala ndi masipika. Mumasankha nyama kubutchala, amakuotcherani, mumadya ndi pap, nsima yawo ija, ndi chakalaka, uku magalimoto akutsukidwa panja. DJ amayamba ndi soul ndi jazz za akuluakulu, dzuwa likapendeka amalowa deep house, ndipo mdima ukagwa ndi amapiano. Ngati usiku wa m'tauni ukukuopsani, kapena mumagwira ntchito Loweruka monga ambiri a ife, yambirani pano. Kukuwala, kuli mabanja, mukhoza kucheza ndi munthu mukumvana, ndipo pofika 8 koloko mwabwerera kunyumba mutamva ma DJ atatu kapena anayi.

Gawo lomaliza: mbale zija

Mukafika nazo kunyumba, zipukuteni ndi kansalu kofewa konyowetsa pang'ono ndi madzi oyeretsedwa a m'botolo otchedwa distilled water, amene amagulitsidwa ku famase, motsata mizere mozungulira, osanyowetsa kapepala ka pakati. Ziume kaye musanazibwezere. Mukapeza zakale kwambiri za 78, zolemera ndi zosachedwa kusweka zija, musaziyandikize ndi spirit, chifukwa imazisungunula, ndipo zimafuna galamafoni yokhala ndi liwiro la 78 ndi singano yakeyake. Mbale zisungidwe choimirira ngati mabuku, osati mosanjikiza, kutali ndi zenera ndi mbaula.

Ngati mukupita nazo kumudzi pa basi, ulendo wodutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi wa masiku awiri, ndipo kutentha kwa ku Tete mbale sikuimvera chisoni. Musaziike kunsi kwa basi pamodzi ndi mafiriji ndi matumba a anthu. Zimangeni pamodzi zolimba pakati pa makatoni awiri okhuthala, muzikulunge m'thawulo, zikhale m'chikwama cha m'manja choimirira pakati pa miyendo yanu, mbali imene dzuwa silikuwomba. Lisiti la kusitolo lisungeni pamodzi ndi pasipoti, a kasitomu pa Mwanza akhoza kufunsa kuti mwanyamula chiyani ndipo munagula zingati.